Sabata ya kiriketi ya India ndi Pakistan ku Leicester

India ikamakumana ndi Pakistan pa kiriketi, ife oyanjanitsa anthu ku Leicester, mzinda wa ku England, timagona mochedwa sabata yonse. Pa 28 Ogasiti 2022 matimuwa atasewera ku Dubai, achinyamata anayambana ku Belgrave, dera lina la mu Leicester, ndipo pofika pa 17 Seputembala Ahindu ndi Asilamu anali atayang'anizana mu Green Lane Road, apolisi ali pakati.

Lolemba ndi tsiku la foni. Timaunikanso mayina a anthu amene angayankhe pakati pausiku, mmodzi ku kachisi aliyense, ku mzikiti uliwonse ndi ku gurdwara, nyumba yopemphereramo Asikh. Atsogoleri a zipembedzo okha sakwanira. Mnyamata wothamangira kumsewu amamvera womumeta tsitsi kapena mphunzitsi wake wa mpira, choncho nawonso timawalemba.

Msonkhano umakhala Lachitatu, mu holo ya sukulu, osati m'nyumba yopemphereramo. Chakudya chimakhala chamasamba chokha: Ahindu sadya ng'ombe, Asilamu sadya nkhumba, Asikh ambiri amakana nyama ya halal, ndipo Ajain sadya anyezi, adyo ndi mbatata. Mbale imodzi yolakwika imabweza anthu pakhomo.

Chovuta kwambiri ndi amene sabwera. Mabanja achimwenye omwe anachokera ku Uganda mu 1972, ndi ena ochokera ku Kenya ndi ku Malawi, anadziwana kalekale, ndipo Mhindu ndi Msilamu amalankhula chinenero chimodzi cha Chigujarati. Ubalewu sunafike kwa obwera posachedwa ochokera ku Daman ndi Diu, madera a ku India. Ambiri amagwira ntchito yosinthana m'mafakitale, ndiye msonkhano wa 6 koloko madzulo umawaphonya. Amenewa timawatsatira komwe ali.

Lachinayi timakumbutsana za mphekesera za pa WhatsApp. Mu 2022 kunafala nkhani yoti Ahindu anafuna kuba mtsikana wa Chisilamu. Apolisi anati sizinachitike, koma inali itafika kale patali. Wolandira uthenga wotere asaufalitse, autumize kwa ife. Tikatsimikiza, yankho limatuluka m'mayina a anthu awiri, Mhindu ndi Msilamu, m'Chigujarati, m'Chiurdu ndi m'Chingerezi, chifukwa la apolisi okha ena amalikayikira.

Tsiku la masewero oyang'anira bata amaima awiriawiri pa mphambano, a zipembedzo zosiyana, atavala majekete owala. Mbendera salanda, chifukwa ndewu imayambira pomwepo. Amapempha oyendetsa galimoto zokondwerera kuti asaime pa khomo la mzikiti kapena la kachisi, ndipo gulu lachilendo lochokera ku mzinda wina likaoneka amaimbira apolisi nthawi yomweyo.