Ana a mayeso mu wodi ya abambo

Lolemba m'mawa ndinawapeza anayi ataima pakhomo la ofesi ya wodi, mayunifolomu osita bwino, aliyense kabuku kakusuzumira m'thumba. Ana a sukulu ya unamwino a chaka chachitatu, otsala pang'ono kulemba mayeso a khonsolo. Kwa inu amene simuli m'ntchito yathuyi: kaya waphunzira ku koleji ya CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kaya ya boma, ngati sunakhoze mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi sulowa m'kaundula, ndipo jakisoni uzikabaya nkhuku zako kunyumba. Ndiye mantha awo ndimawamvetsa. Inenso ndinaondapo nawo.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene akuidziwa Salima akudziwa kuti pofika 9 koloko malata amakhala ayamba kale kulira ndi dzuwa. Titatha handova, kulandira ntchito kwa anzathu a usiku, ndinawafunsa chimene chikuwasowetsa tulo. Onse pamodzi: "Pharmacology, Sisita." Ndilo phunziro la mankhwala. Palibe anatchula fundamentals. Satchula konse. Amaona ngati kuyala bedi, kusambitsa wodwala ndi kuyeza kutentha kwa thupi ndi za ana a chaka choyamba. Ndinangoti chabwino, tiona.

Tsikulo ndinawagawira mabedi n'kuwauza kuti ayeze ma vital signs: kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi BP. Pobwera ndi matchati, odwala asanu ndi atatu a mnyamata mmodzi onse ankapuma ka 20 pa mphindi. Onse! Ndinamutenga n'kukamuimika pa bedi la agogo ena a chibayo. "Werenga, ine ndigwira wotchi." Anapeza 32. Anayang'ana pansi. Sindinamukalipire, chifukwa chizolowezi chimenechi sanabwere nacho kusukulu, anachitola kwa ife tomwe. Koma ndinamuuza kuti wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka 20, ndipo wodwala akamafooka kapumidwe kamayamba kusintha BP isanagwe. Agogowo tinawaika pa oxygen masana omwewo.

Lachiwiri kunabwera msodzi wa ku Senga Bay, atamunyamula anzake awiri, akubwebweta, thupi lili ngati mbaula. Malungo aakulu. Adokotala analemba artesunate wobaya. Ndinaitana mtsikana wamtali, amene anzake amati ndiye katswiri wa mankhwala.

"Dozi yake?"

"2.4 mg pa kilogalamu, Sisita. Kwa mwana wosakwana makilogalamu 20 ndi 3 mg. Timabaya pano, pakatha maola 12, kenako pa maola 24."

Zoona zonse, ngati akuwerenga pa bolodi. Ndinamupatsa cholembera. Bamboyo tinamukweza pa sikelo atagwiriziza, anali ndi makilogalamu 55. Mtsikanayo anapeza 132 mg, bwinobwino. Kenako mutu unaima. Kabotolo kamodzi kali ndi 60 mg, ndiye atsegule tingati? Nanga mu sirinji akoke zochuluka bwanji? Anali asanasungunulepo yekha. Tinachita limodzi: 1 ml ya sodium bicarbonate m'kabotolo, kugwedeza mpaka madziwo ayere, kenako 5 ml ya saline, kuti 1 ml iliyonse ikhale ndi 10 mg. Timabotolo titatu. Manja ake ankanjenjemera pang'ono, koma mtsempha anaupeza kamodzi.

Atamaliza ndinamuona akumata kapulasitala pa kabotolo kachitatu n'kulembapo nambala ya bedi. Ndinafunsa kuti n'chiyani. "Otsalawa, Sisita, tisunge abayidwe usiku. Si bwino kutaya." Mtima wabwino, mwana woleredwa m'nyumba yosataya mkute. Koma artesunate ukamusungunula sakhalitsa, pakatha ola limodzi ndi wotaya. Ndinamuuza kuti funso limeneli likhoza kubwera pa mayeso, ndipo yankho la "kusunga" amaliika dala pakati pa mayankho osankhapo kuti likole ana achifundo ngati iyeyo.

Za Lachitatu ndilibe zambiri. Tinali anamwino awiri pa wodi yodzaza, anawo anathamanga nafe tsiku lonse, ndipo chimene anaphunzira n'chakuti nsima ya masana imadyedwa 4 koloko. Madzulo ndinangowasiyira funso limodzi: lita imodzi ya dripu ya Ringer's lactate iyende maola 8, seti yake ya madontho 20 pa 1 ml. Madontho angati pa mphindi? Atatu anabwera ndi 42. Wachinayi anati 420, ndipo anzake sanamusiye mpaka Loweruka.

Pamenepa pali nkhani imene imandivutitsa chaka chilichonse. Ife akale dripu timaiyang'ana ndi maso, n'kutembenuza kagudumu kaja mpaka mtima utati basi. Nthawi zambiri sitiphonya patali. Koma mwana akationa amaganiza kuti masamu aja ndi a m'kalasi mokha. Amakhala ndi mayankho awiri m'mutu, la m'buku ndi la mu wodi, ndipo tsiku la mayeso awiriwa amamenyana. Buku limati wodwala wosatha kudzitembenuza umutembenuze maola awiri alionse kuti asachite zilonda za pabedi. Mu wodi amatembenuza ndi gadiyani, mkazi wake kapena mlongo wake wogona pa chitenje pansi pa bedi, ndipo amatero ngati tamuphunzitsa. Buku limati usanapereke mankhwala tsimikiza wodwala wake, mankhwala ake, dozi, njira ndi nthawi. Mu wodi timafuula dzina, wina n'kukweza dzanja. Kuno kunyanja kumene wodi imodzi ingakhale ndi anthu atatu a dzina limodzi! Ndiye ndimawauza kuti pa pepala alembe za m'buku osachita manyazi, ndipo mu wodi aziyesetsa kuzifikira. Kunena zoona, ana akakhalapo inenso ndimagwira ntchito mwaudongo kuposa masiku ena. Maso asanu ndi atatu si masewera.

Lachinayi ndiye tsiku limene sindidzaliiwala msanga. Cha m'ma 10 koloko anabweretsa bambo wa khunyu wochokera cha ku Ngodzi. Anagwera pa moto akuwamba nsomba. Mankhwala ake anali atasiya kumwa miyezi ingapo, akuti ankamugonetsa. Anthu anachedwa kumuchotsa pamotopo, poti ena amakhulupirirabe kuti ukamugwira munthu akugwa khunyu nawenso umatengera, zomwe si zoona. Pachilondapo anali atapakapo mazira ndi mankhwala otsukira mano.

Anawo anangoti kakasi. Fungo la mnofu wopsa silili m'buku lililonse.

Ndinawakokera pafupi. "Medical-surgical yanu ija ndi iyi. Tiyambire pati?" Wa 420 uja ndiye anayankha, mawu ali pansipansi: "Njira ya mpweya, Sisita." Tinayang'ana m'kamwa ndi m'mphuno ngati muli mwaye kapena tsitsi lowauka. Munalibe. Kenako kukula kwa chilonda. Mkono wonse wamanja, 9 peresenti ya khungu lonse. Theka la pachifuwa ndi pamimba, 9 inanso. Pamodzi 18. Kulemera kwake makilogalamu 60. Parkland, masamu opezera madzi a dripu a munthu wopsa: 4 ml kuchulukitsa ndi 60, kuchulukitsanso ndi 18. Wamtali uja anawerengera pa chikhatho: 4,320 ml pa maola 24, theka lake m'maola 8 oyamba.

"Ndiye 2,160 ml ithe 6 koloko madzulo," anatero.

Ndinatembenukira kwa mkazi wa wodwalayo. "Mayi, bambowa apsa nthawi yanji?"

"Dzuwa likungotuluka kumene, anesi. Galimoto inavuta."

Ndinamuyang'ana mtsikanayo osalankhula. Panapita kanthawi, kenako anagwira pakamwa. Maola 8 aja amawerengedwa kuyambira pamene munthu wapsa, osati pamene wafika kuchipatala. Maola anayi anali atapita kale pamsewu. Madziwo anayenera kulowa pofika 2 koloko. Tinaika makanyula awiri aakulu, kathetala kuti tiziona mkodzo ola lililonse, mankhwala opha ululu tisanayambe kutsuka, ndi jakisoni wa kafumbata. Mnyamata wa "ka 20" uja ndinamupatsa ntchito ya tchati cha madzi olowa ndi otuluka. Anakhala pambali pa bedilo mpaka kuweruka, thukuta lili kamukamu, akuyeza mkodzo ndi kajagi ngati akuyeza golide.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Osati chifukwa cha wodwalayo, anali m'manja mwa anzanga a naiti. Ndinkakumbukira kuti funso lomwelo la nthawi ine ndinaliphonya ndili pasukulu, ndipo panalibe wopsa pamaso panga woti andikumbutse.

Lachisanu kunali koseketsa pang'ono. Bambo wina amene tinamuyambitsa mankhwala a TB masiku awiri m'mbuyomo anandikodola mwachinsinsi. "Anesi, likodzo lija labwereranso. Mkodzo wafiira." Munthu wokulira m'madzi, likodzo amalidziwa kuyambira ali mwana. Ndinaitana anawo. Mmodzi anali atayamba kale kunena za praziquantel, mankhwala a likodzo, 40 mg pa kilogalamu, wanyadira kuti waikumbukira. Ndinamuuza kuti atsegule kaye fayilo. Anawerenga, n'kuseka yekha: rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB aja. Amafiiritsa mkodzo, thukuta, ngakhale misozi. Cholakwa chinali chathu, sitinamuchenjeze bamboyo tsiku loyamba. Mkodzowo tinautumizabe ku labu, poti kuno munthu akhoza kukhala nazo zonse ziwiri. Pobwerera ku ofesi tinamaliza banja lonselo: isoniazid amachititsa dzanzi m'mapazi, n'chifukwa chake timaperekera limodzi pyridoxine, ethambutol ndi maso, pyrazinamide ndi chiwindi komanso kuphwanya m'mfundo. Sanalembe m'tibuku tawo. Ankangoloza bedi la bamboyo ndi chibwano.

Loweruka ndinagwira theka la tsiku. Msodzi uja anali atakhala tsonga akudya phala, tamusinthira ku LA, mapiritsi anayi m'mawa anayi madzulo kwa masiku atatu, ndipo ankafunsa kale kuti atuluka liti, akuti usipa wagwa. Wopsa uja mkodzo unkatuluka bwino, koma ulendo wake ndi wautali.

Ndili pa kabaza kulowera ku Kamuzu Road, foni inalira m'chikwama. Nditatsika ndinapeza chithunzi pa WhatsApp, tsamba la kope lodzaza ndi masamu a jakisoni wa gentamicin, pansi pake: "Sisita pepani kukuvutitsani pa wikendi, apa ndakhoza?" Anali wa 420 uja. Ndinaima pamthunzi wa golosale n'kukulitsa chithunzicho ndi zala. Masamu anali bwinobwino. Ndinamuyankha kuti wakhoza, koma Lolemba adzandiuze ziwalo ziwiri zimene mankhwalawo amawononga, ndi chimene angamufunse wodwala m'mawa uliwonse kuti adziwe ngati zayamba.