Ulendo wa alimi a mpunga ku Roi Et, Thailand: zomwe tinaona pa malo odyera a m'dera

Alimi anzanga amene munatisankha kuti tikakuimirireni pa ulendo wokaona ulimi wa mpunga ku Thailand, nali lipoti langa. Za mbewu, feteleza ndi zigayo a mlangizi alemba lawo, ndipo adzaliwerenga pa msonkhano. Ine ndikufuna ndikufotokozereni za malo ena odyera omwe tinkapitako madzulo tikaweruka kuminda, chifukwa ndi pomwe ndinaona ndi maso anga komwe zokolola za mlimi wa kumeneko zimathera, komanso njira yomwe ndalama imabwererera kwa iye.

M'gulu lathu munali alimi a ku Karonga, Machinga, Chikwawa ndi ife a ku Nkhotakota, amayi ndi abambo. Tinanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu, n'kukasintha ndege ku Addis Ababa, mpaka kukatera ku Bangkok, komwe nthawi ili patsogolo ndi maola 5 poyerekeza ndi kwathu kuno. Kuchokera apo tinakwera basi, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, kulowera kumpoto chakum'mawa, m'chigawo chotchedwa Isan, mpaka m'tauni ya Roi Et. Unali mwezi wa Novembala, anthu ali pakalikiliki kukolola.

Kummwera kwa tauniyi kuli chidikha cha Thung Kula Rong Hai, cha dothi lamchenga komanso lamchere, lomwe mlimi wa pa Bua atalipatsidwa akhoza kulikana. Koma m'menemo ndi momwe mumachokera mpunga wonunkhira wa Hom Mali. Mbewu yake yotchuka, Khao Dawk Mali 105, boma lawo linaitulutsa mu 1959, ndipo mu 2013 bungwe la European Union linavomereza kuti dzina la mpunga wa m'chidikhachi likhale lotetezedwa, wina asamagulitse mpunga wa kwina m'dzina limenelo. Anzathu a ku Karonga anamvetsera nkhaniyi mwachidwi, poti akudziwa kuchuluka kwa matumba olembedwa Kilombero omwe mkati mwake muli zosakaniza.

Malo odyerawo anali pa kamsewu kakang'ono kuseri kwa nyumba yomwe tinkagona. Sanali malo a alendo ochokera kunja. Denga la malata, matebulo achitsulo, timipando ta pulasitiki, ndi zokupizira mphepo zomangirira pa nsanamira. Khitchini ili kutsogolo, m'mbali mwa msewu, kotero kuti musanakhale pansi mwaona kale nkhuku yomwe mudye, mafuta omwe akuphikira ndi manja a ophika. Eni ake ndi mayi wachikulire ndi mwamuna wake. Bambo amayang'anira mbaula ya makala, mayi ali pa kamtondo ndi pa chiwaya chakuya, mwana wawo wamkazi akamachokera ku sukulu amathandiza kuperekera. Odya anali aphunzitsi, anyamata oyendetsa njinga zamoto, mabanja ndi ana awo. Ena ankangoima ndi njinga, kulandira chakudya chomangidwa m'timapepala tapulasitiki, n'kulipira pongolozetsa foni pa kachizindikiro komatidwa pa nsanamira.

Chinthu choyamba kufika pa tebulo chinali timadengu tansungwi tokhala ndi zivindikiro, aliyense kake. Mkati muli khao niao, mpunga womata. Wotimasulira anatiuza kuti alimi ambiri a kuno Hom Mali amalima kuti agulitse, koma pakhomo amadya womatawu, makamaka mbewu ya RD6. Amaunyika m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kuuphika ndi nthunzi yokha m'dengu losongoka lomwe amalikhazika pakamwa pa mphika. Podya mumatema ndi dzanja, kuumba, n'kusunsa mu ndiwo monga timachitira ndi mbamu ya nsima. Amayi a ku Chikwawa, amene kuyambira ku Bangkok ankadya monyinyirika, apa anasamba m'manja n'kudya momasuka mpaka kuitanitsa dengu lina.

Ndiwo samagawa m'mbale za munthu payekha. Zonse zimaikidwa pakati, aliyense amatapa pang'onopang'ono. Ndipo ndiwo yomwe inatiyankhulitsa kwambiri inali som tam. Mayi aja anatenga papaya laliwisi, lobiriwira, lolimba, kulisenda, kulitematema ndi mpeni kenako kulisadzula kuti lituluke timizere tating'ono. M'kamtondo kadothi anaponyamo adyo ndi tsabola, kusinja pang'ono, n'kuonjezera zitheba zazitali, matimati, madzi a mandimu, shuga wa kanjedza ndi msuzi wa nsomba. Papaya analowa pomaliza, akusinja ndi dzanja limodzi, lina likutembenuza ndi supuni. Mbale inali pa tebulo tisanamalize n'komwe kumwa madzi. Kukoma kwake ndi kowawasa, kotsekemera, kwamchere ndi kowawa tsabola nthawi imodzi, ndipo papayayo imakhala yokhukhuzika m'kamwa.

Ndinaganiza za mitengo ya papaya ya kuseri kwa nyumba zathu. Timadikira kuti apse, mbalame n'kutitsogolera, ena kugwa ndi mphepo akadali aawisi n'kuolera pansi. Kumeneko papaya lomwelo ndi ndiwo yogulitsa tsiku lililonse, chaka chonse. N'chimodzimodzi ndi bwemba, amene ife timasiyira ana kuti azimung'unya, pomwe iwo amapangira msuzi wosunsira nkhuku yootcha. Udzu wonunkhira mandimu uja timaphikira tiyi iwo amaufwatika m'mimba mwa nsomba, kuipaka mchere wambiri kunja, n'kuiotcha pa makala pang'onopang'ono. Mukasenda khungu, mnofu wake ndi wofewa, wosauma. Nsombayo amaitcha pla nin, ndipo kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa, ndi ya banja limodzi ndi chambo ndi makumba. Inafika ku Thailand mu 1965, pamene Akihito, yemwe panthawiyo anali kalonga wa Japan, anapereka nsomba 50 kwa Mfumu Bhumibol. Mfumuyo inaziweta m'madamu a kunyumba yachifumu, kenako zinagawidwa kwa anthu. Lero zili m'madamu a alimi ndi pa mbaula za m'misewu m'dziko lonselo.

Ngakhale mpunga wosaphika uli ndi ntchito ina. Amaukazinga wouma mpaka ufiire, kuusinja, n'kuwaza ufa wakewo mu nyama yoduladula yotchedwa larb. Ife amene timagulitsa mpunga wosweka pa mtengo wolira kuchigayo tinayang'anizana.

Panali nkhani imodzi yofunika kuisamala. Nyama ya nkhumba imalowa m'zakudya zambiri za kumeneko, ndipo nkhanu ndi tizilombo tina ta m'madzi amaziponya ngakhale mu som tam. M'gulu lathu munali Asilamu ndi a Seventh Day. Bambo wina wa ku Machinga anapempha wotimasulira kuti afotokoze bwino, ndipo mayi aja sanakwinye nkhope. Anatsuka chiwaya ndi kamtondo ife tikuona, n'kuwaphikira nsomba, mazira ndi masamba paokha. Masambawo anali phak bung, omera m'madzi, a mtundu umodzi ndi kholowa, okazinga pa moto waukulu kwa kanthawi kochepa kwambiri moti amafika akadali obiriwira. Madzulo otsatira tinapeza atakonzeratu tebulo la anzathuwo osauzidwanso. Amene mudzapite m'tsogolo, nenani za chipembedzo chanu musanaitanitse chakudya, ndipo nenaninso za tsabola, chifukwa muyeso wawo wa "pang'ono" umaposa kambuzi amene tinazolowera.

Si zonse zomwe ndingati titengere. Shuga amathira wambiri, m'ndiwo ndi m'zakumwa zomwe. Chachikulu ndi nsomba zaziwisi. Ku Isan kuli chizolowezi chodya nsomba za m'mitsinje zosaphika, kapena zosungidwa mu mchere koma osaziwiritsa, ndipo m'nsombazo mumakhala nyongolotsi zomwe zimakakhazikika m'chiwindi. N'chifukwa chake chigawochi chimadziwika pa dziko lonse ndi khansa ya njira za ndulu. Wotimasulira, yemwe kwawo ndi komweko, anatiuza kuti azaumoyo akhala akulimbana ndi mwambowu kwa zaka zambiri, ndipo iye mwini anaonetsetsa kuti msuzi wa pla ra (nsomba zosungidwa mu mchere zija) womwe tinapatsidwa unali wowiritsa. Ife a m'mbali mwa nyanja tisayese zimenezo ndi usipa kapena matemba.

Usiku wina odya atachepa tinapempha mayi aja kuti akhale nafe. Tinawafunsa komwe amagula katundu. Anati mpunga ndi wa m'munda wa mchimwene wawo, mapapaya amabweretsa neba m'mawa uliwonse, nsomba ndi za padamu la m'mudzi wapafupi, ndipo timadengu amaluka agogo a kumudzi kwawo. Pa mbale imodzi yotsika mtengo pakudyera mabanja angapo a m'dera lomwelo, ndipo palibe amene akudikira venda wochokera kutali kuti adzamuikire mtengo. Izi n'zimene zinandikhudza koposa zonse pa ulendowu. Pa ma lesitilanti athu a pa Nkhotakota boma mpunga timaupereka woyera chabe pambali pa nkhuku kapena nyemba, osanena n'komwe kuti ndi Kilombero kapena Faya, kapena kuti walimidwa pa Bua pomwepa. Wapaulendo wa pa msewu wa M5 amadya n'kumapita osadziwa kuti wadya mpunga wa dera lomwe waimalo.

Maganizo otukula zinthu za m'mudzi si achilendo kwa ife. Thailand inayamba pulogalamu ya OTOP (One Tambon One Product) mu 2001, ife tinayamba OVOP (One Village One Product) mu 2003, zonse zolimbikitsa dera lililonse kutukula chinthu chimodzi chomwe limapanga, ndipo tonse tinatengera ku Oita, ku Japan. Kusiyana komwe ndinaona n'kwakuti iwo katundu wa m'mudzi amayamba wadyedwa ndi kugulidwa m'mudzi momwemo asanapite patali.

M'basi pobwerera ku Bangkok tinatsutsana. A tcheyamani anati Mmalawi sangalipire ndalama kuti adye papaya laliwisi, ndipo mwina akunena zoona. Amayi a ku Karonga anayankha kuti sitikufunika kuphika za ku Thailand, koma kuphika zathu mooneka ndi mwaukhondo, n'kutchula dzina la mpunga wathu. Ine ndili mbali ya amayiwa.

Tinagwirizana kuti gulu lililonse likayese chinthu chimodzi kwawo. Ife a ku Nkhotakota tikupempha komiti kuti itilole kugwiritsa ntchito khonde la nyumba yosungira mpunga pa tsiku la msika, tiziphika mpunga wa mamembala ndi nsomba yootcha, masamba ndi msuzi wa bwemba, mbaula ili poonekera. Pakufunika mamembala anayi oyambira, matebulo awiri, ndowa ya mpopi yosambira m'manja, ndi chilolezo cha azaumoyo ku khonsolo. Amene muli ndi mapapaya, mandimu kapena bwemba pakhomo, kalembetseni kwa alembi msonkhano wa mwezi uno usanachitike.