Mapu satchula dzina la wakuba

Lachitatu, kwa Kamwendo.

Bambo wina wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi anandiimitsa pamsika, pepala lili m'manja. Analembapo midzi imene akuba athyola makola a mbuzi chikololereni. "Achimwene, inu mumadziwa za mapu zija. Tatiuzani, wakubayu amagona nyumba iti?" Funso limeneli landisowetsa mtendere mpaka usiku uno.

Njira imene anamvayo pa Chingerezi amati geographic profiling. Mfundo yake ndi yakuti munthu wozolowera kupalamula sapita kutali ndi malo amene amawadziwa: kwawo, kuntchito, kumsika, kwa chibwenzi. Milandu imachuluka pafupi ndi malowa, n'kumachepa mtunda ukamatalika. Koma pakhomo penipeni amapewapo, poopa kuzindikirika. Kim Rossmo, amene anali wapolisi ku Vancouver m'dziko la Canada, anasandutsa mfundo ziwirizi kukhala masamu m'zaka za m'ma 1990, ndipo pulogalamu ya pakompyuta ya Rigel inachokera pamenepo. Imatulutsa mapu osonyeza chigawo choyambira kufufuza, basi.

Ndinawafotokozera zofunika. Tsimikizani kaye kuti milanduyo ndi ya munthu mmodzi kapena gulu limodzi: kathyoledwe ka khola, nthawi yake usiku, mapazi kapena matayala a njinga yamoto, ngati mbuzi amaphera pompo kapena amayenda nazo zamoyo. Rossmo amafuna malo osachepera 5 olumikizana motere. Mukasakanizamo mlandu wa gulu lina, pakati pa mapu pamasuntha ndipo mukafufuza kolakwika. Malo alionse alembedwe ndi GPS ya pafoni, munthu ataima pakholapo. Dzina la mudzi lokha silikwanira, poti mudzi wa nyakwawa imodzi umatha kumwazikana kutsidya ndi kutsidya kwa dambo. Lembaninso pamene panapezeka zikopa, zingwe kapena matumbo. Pamenepo ndi pamene wakuba anamasuka n'kukhala pansi, ndiye kawirikawiri pamaulula zambiri kuposa khola.

Popanda kompyuta pali njira ya David Canter wa ku Britain. Mumatenga milandu iwiri yotalikirana kwambiri, n'kujambula mzere wozungulira wodutsa pa malo awiriwo, mtunda wapakati pawo ukhale kukula kwa bwalolo. M'kafukufuku wake wa 1993, pa anthu 45 ogwirira amayi mobwerezabwereza, 39 ankakhala mkati mwa bwalo lotere.

Apa bambo aja anawala maso, ine nkhawa n'kuyamba. Kafukufukuyo ndi wa ku England, osati kuno. Canter yemweyo anasiyanitsa wopalamula mozungulira kwawo ndi wochokera kutali amene amangobwera kudzapalamula n'kubwerera. Mchinji muno wachiwiriyu ndi wosasowa. Wakuba wa panjinga yamoto atha kuchokera kuboma, ku Lilongwe, ngakhale kutsidya kwa malire ku Mwami, akutsata msewu wa M12 ndi masiku a msika. Bwalo lanu lizungulira midzi ya anthu osalakwa, iye kulibeko. Mtundanso uyezedwe potsata njira zoyendamo anthu, chifukwa nthawi ya dzinja mtsinje wa Bua ukadzaza, mudzi wooneka pafupi pamapu umakhala kutali. Nanga milandu yothera kwa amfumu, yosafika kupolisi? Iyo pamapu siioneka, ndiye chithunzi chimapendekera kwa okhawo amene anakanena.

Ndinafuna kuwauza za Stuart Kind, katswiri wa sayansi yofufuza milandu wa ku Britain, koma anali ataleka kumvetsera. Mu December 1980, katswiriyu anawerengera pakati pa malo amene amayi ankaphedwa ku Yorkshire ndi madera oyandikira ku England, n'kuonanso kuti wakuphayo akachedwa usiku ankapalamula pafupi ndi kwawo. Analoza ku Bradford, ndipo wakuphayo, Peter Sutcliffe, ankakhaladi ku Bradford. Koma amene anamugwira mu January 1981 ku Sheffield anali apolisi olondera, chifukwa cha nambala yabodza pagalimoto. Mapu analoza dera lolondola, koma umboni unachokera kwina.

"Ndiye ingotijambulirani bwalolo, zotsalazo tidziwa tokha," anatero.

Mawu amenewo ndiye andiwawa. Tidziwa tokha. M'bwalo lililonse lomwe ungajambule muno mupezeka mnyamata wongotuluka kumene kundende, kapena wogulitsa kanyenya amene anthu amamuonera kale m'diso. Anthu otopa ndi kuberedwa safunsa ngati masamuwo anali olondola, amangotenga zibonga. Ndinawauza kuti manambala a GPS aja akatoleredwa tikapereke kupolisi pamodzi, ofufuza ayerekeze ndi zolemba zawo, ndi ogula mbuzi m'misika, ndi makalata oyendetsera ziweto. Anagwedeza mutu, koma kugwedeza kwa munthu wosakhutira.

Ati abweranso Loweruka ndi anzawo a komiti. Kukana kujambula kumaoneka ngati ndikuikira akuba kumbuyo. Kujambula nakonso...