Viva ya Lachinayi ndi kalata ya fizi imene inabwera Lachisanu

Ndayang'anira ophunzira a digiri ya PhD kwa zaka zingapo tsopano, ndipo ndinkadziona ngati munthu amene anazolowera zokhumudwitsa zonse za ntchitoyi, koma sabata yathayi ndinaweruka Lachisanu ndili ndi mkwiyo umene sunazizirebe mpaka lero.

Masiku atatu oyambirira analibe chachilendo. Lolemba ndinaphunzitsa a chaka choyamba m'holo yodzaza mpaka ena kukhala pamasitepe. Lachiwiri tinamvetsera proposal, ndiye kuti mapulani a kafukufuku, za ophunzira awiri atsopano, ndipo mmodzi anaulula mosangalala kuti anayamba kale kufunsa alimi mafunso, pomwe chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu sanachilandire. Ndinamuuza kuti mayankho onse amene watolera angowasunga ngati chikumbutso, chifukwa palibe woyesa amene adzawalandire. Lachitatu ndinakhala mpaka usiku ndi wophunzira wanga wamkulu tikuyeserera viva, mayeso apakamwa amene wophunzira amateteza kafukufuku wake pamaso pa oyesa, ine ndikufunsa mafunso ngati mdani wawo.

Wophunzirayu ndi mayi amene amagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo digiriyi akhala akuichita uku ali pantchito. Kafukufuku wawo ndi wa kubzala chimanga pamodzi ndi nandolo, kuona mmene kasakanizayu amabwezeretsera chonde m'nthaka, ndipo ankafunika zokolola za nyengo zitatu. Nyengo imodzi inapita ndi madzi pamene namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, minda yawo iwiri yoyesera inakwiririka ndi mchenga, zikhomo ndi zikwangwani zonse osaonekanso. Anabzalanso chaka chotsatira. Lamulo la sukulu yathu limafuna kuti munthu asindikize nkhani ziwiri m'magazini a akatswiri asanapereke thesis, buku lofotokoza kafukufuku wake wonse, ndipo ambiri mwa magaziniwa amalipiritsa m'madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama kamene anasunga ka ntchito imeneyi kanasanduka kosakwanira ngakhale nkhani imodzi, moti tinachita kulemba makalata opempha kuti atikhululukire malipirowo. Zonsezi anazipirira, ndipo thesis anaipereka nthawi yawo isanathe.

Kuchokera pamenepo, udindo unachoka m'manja mwawo ndi mwanga. Anzanga pantchito mukudziwa kuti woyang'anira amangopereka mayina a anthu oyenera kuyesa, kenako amakhala chete, saloledwa kulankhula ndi woyesa za thesis mpaka lipoti litafika. Woyesa wa pasukulu pathu anabweza lipoti lake m'nthawi yake. Woyesa wakunja, pulofesa wa ku South Africa wodziwa bwino za nthaka, anakhala miyezi isanu ndi itatu. Nthawi yonseyo ofesi yoona za maphunziro apamwamba inkandiyankha kuti ikumukumbutsa. Ndinadzamva mochedwa, kudzera kwa mlembi wa muofesimo amene anandimvera chisoni, kuti pulofesayo anali asanalipidwe ndalama za thesis ina imene anatiyesera zaka ziwiri zapitazo, ndipo analemba mwaulemu kuti lipoti latsopano lakonzeka koma likudikira kuti nkhani yakale ithe. Sindimuimba mlandu. Kuwerenga masamba mazana atatu a ntchito ya munthu wina, kuonanso mawerengero ake mzere ndi mzere, ndi ntchito ya milungu, ndipo malipiro ake ndi ongothokoza chabe. Kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko muno tonse tikukudziwa, koma m'miyezi yomweyo akuluakulu ena a pasukulupo anakwera ndege kupita kumisonkhano yakunja, ndipo sindinamve kuti ulendo wawo unaima chifukwa cha madola.

Lachinayi tinasonkhana m'chipinda cha misonkhano: wapampando, amene ndi mkulu wa gawo lina la maphunziro kuti pasakhale kukondera, woyesa wa pasukulu, mlembi, mayiwo, ndi ine pampando wakumbuyo pafupi ndi chitseko. Pulofesa uja anali pa Zoom. Wapampando anawerenga malamulo, nandikumbutsa monga mwa mwambo kuti ndabwera kudzaonerera basi, sindiyenera kulankhula pokhapokha atandifunsa. Mayiwo anafotokoza ntchito yawo kwa mphindi makumi awiri, momveka bwino kuposa mmene anachitira poyeserera dzulo lake. Mafunso atangoyamba, magetsi anazima.

Tinadikira kulira kwa jenereta, koma kunali zii. Mlembi anatuluka, nabwerako ndi uthenga woti mulibe dizilo, ndipo kalata yopempha mafuta ili pa tebulo la munthu amene sanabwere kuntchito tsikulo. Tsiku la viva linadziwika milungu itatu m'mbuyomo. Intaneti ya pasukulu inapita limodzi ndi magetsi, ndipo wapampando anayamba kunena zoti mwina tisinthe tsiku. Ndinaona nkhope ya mayiwo ikugwa, chifukwa ankadziwa, monga ndinkadziwira inenso, kuti kupezanso tsiku limene anthu onsewa angakhale omasuka ndi nkhani ya miyezi ina iwiri. Anatulutsa foni yawo m'chikwama, nagula bandulo ndi ndalama zawo, nalumikiza laputopu yawo. Netiweki inkagwira bwino pawindo pokha, choncho foniyo inaikidwa pamenepo itatsamira botolo la madzi, ndipo tebulo lonse tinalikokera kufupi. Munthu amene wabwera kudzayesedwa ndiye anakhala wokonza chipinda cha mayeso.

Funso lalikulu la pulofesayo linali pa mutu wachinayi, ndipo linali funso loyenera. Ankafuna kudziwa chifukwa chimene mayiwo anaphatikizira zokolola za nyengo yobwereza ija ndi za nyengo ziwiri zoyamba, pomwe madzi osefukira anali atasintha nthaka ya minda iwiri. Mayiwo anayamba kuyankha, chithunzi chinauma, mawu anaduka. Titalumikizanso, pulofesayo anati sanamve kanthu, ayambirenso. Anayambiranso, ndipo zinadukanso pamalo omwewo. Kachitatu mawu awo anayamba kunjenjemera, ndipo anasokoneza mayina a minda. Ine ndinkadziwa kuti yankho lonse lili m'matebulo a kumapeto kwa thesis, mmene anasonyeza kuti anapimanso nthaka madzi ataphwa ndipo minda iwiriyo anaiwerengera payokha. Ndinkadziwa ngakhale tsamba lake. Ndinagwira pakamwa, maso ali pa simenti, chifukwa mawu amodzi ochokera kwa ine akanatha kuononga mayeso onse. Pa zinthu zonse zimene woyang'anira amachita, kuwerenga mitu yosapsa usiku, kukangana ndi wophunzira, kumupempherera ndalama, palibe chovuta kuposa kukhala chete kumeneku.

Anapuma, namwa madzi a m'botolo lomwe lija atagwira foni ndi dzanja lina, natsegula buku lawo kumapeto, napeza tebulo lija okha. Analiwerenga pang'onopang'ono, nambala ndi nambala, ndipo pulofesayo anagwedeza mutu nati funso lake layankhidwa. Batire ya laputopu itatsala pang'ono kutha, woyesa wa pasukulu anapereka yake, ndipo viva imene ikanatenga maola awiri inatenga pafupifupi anayi.

Anatitulutsa awirife kuti oyesa akambirane. Tili pakhonde, mayiwo anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Apulofesa, ndalephera eti?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, khazikani mtima pansi, mwayankha bwino." Zambiri sindikanatha kulonjeza, popeza chigamulo sichinali changa. Atatiitananso, wapampando analengeza kuti apambana, akonze zolakwika zing'onozing'ono m'miyezi itatu, woyesa wa pasukulu adzatsimikize, kenako dzina lipite ku Seneti, bungwe la pasukulu limene limavomereza madigiri. Aliyense anawagwira chanza, ndipo mlembi anawatchula kuti Adokotala nthawi yake isanakwane, tonse tinaseka. Ndinanyadira kwambiri, ndipo sindibisa.

Lachisanu m'mawa anapita kukaona ngati zonse zili bwino pa mafomu awo, ndipo anabwera ku ofesi yanga atanyamula kalata. Kalatayo inati apitirira nthawi imene analembetsa, choncho ali ndi ngongole ya fizi ya masemesita awiri, ndipo dzina lawo silingapite ku Seneti ngongoleyo isanathe. Masemesita awiriwo ndi miyezi yomwe ija thesis inagona kwa woyesa amene sukulu sinamulipire. Ndinatenga kalatayo ndekha kupita nayo ku ofesi ya zachuma. Mnyamata amene ndinamupeza anali waulemu, ndipo anati, "Apulofesa, kompyuta ndi imene yawerengera, ife sitingachotse popanda kalata yochokera kumwamba." Kumwambako anandiuza kuti nkhaniyi ndi ya komiti ya maphunziro apamwamba. Ku komitiko anandiuza kuti nkhani za ndalama si zawo, koma ndikhoza kulemba pempho. Mawu akuti pempho ndi amene anandipsetsa mtima kuposa dizilo uja, chifukwa akutanthauza kuti mayiwa apemphe chifundo pa cholakwa chimene sanachite.

Ndinalemba madzulo omwewo. Ndinaikamo tsiku limene thesis inaperekedwa, tsiku limene inatumizidwa kunja, masiku onse amene ndinafunsa za lipoti ndi mayankho amene ndinapatsidwa, ndipo mawu akuti pempho sindinawalembe paliponse. Komitiyo ikumana mwezi wamawa, pomwe mndandanda wa olandira madigiri chaka chino utsekedwa sabata imodzi msonkhanowo usanachitike. Ndapempha wapampando wa viva ija kuti asainire nawo kalatayo, ndipo wavomera.

Pa tebulo langa pali thesis ina imene yakonzeka kupita kwa oyesa, limodzi ndi fomu yofuna mayina atatu a akatswiri akunja. Onse amene ndikuwadziwa pa phunziro limeneli ndi anzake a pulofesa uja, amakumana naye kumisonkhano, ndipo fomuyo ndaisiya yosalemba kuyambira Lachisanu.