Funso la aluminiyamu lomwe linandigwetsa

Pa mayeso a Chemistry a sabata yatha panali funso limodzi lomwe ndinaliona ngati lophweka. Linkati: pa reactivity series (mndandanda wa zitsulo motsata changu chake pogwirana ndi zinthu zina) aluminiyamu ali pamwamba pa ayironi, nanga bwanji khasu limachita dzimbiri pomwe sefuliya ya aluminiyamu imakhala zaka osabooka? Ine ndinalemba molimba mtima kuti aluminiyamu sagwirana ndi okosijeni. Pepala litabwerera, aphunzitsi anali atathetha yankho lonselo ndi cholembera chofiira, m'mbali mwake atalemba mawu amodzi okha: "Ganizanso."

Ndaganizanso, ndipo zoona zake ndi zotembenuza zomwe ndinalembazo. Aluminiyamu amagwirana ndi okosijeni msanga kuposa ayironi. Ukangomupala, nthawi yomweyo pamwamba pake pamamera kakhungu kopyapyala kwambiri ka aluminium oxide, kosaoneka ndi maso, kolimba, komamatira. Kakhunguka kamatsekera mpweya ndi madzi kunja. Dzimbiri la khasu silitero. Limafufuma n'kumayoyoka, chitsulo cha mkati n'kukhalanso pamtetete, mvula n'kupitiriza kuchidya mpaka khasu kutha.

Chinandikhazika pansi kwenikweni ndi sefuliya ya amayi. Akaphikiramo therere lothira chidulo kapena soda, mkati mwake mumada. Mawa lake akaphikiramo ndiwo za matimati ambiri, mumayeranso. Ndakula ndikuziona zimenezi koma sindinafunsepo chifukwa chake. Kakhungu kaja kamadyeka ndi asidi, kamadyekanso ndi alikali, ndipo m'buku amakatcha amphoteric. Chidulo ndi alikali wochokera ku phulusa, matimati ali ndi asidi. Mawu omwe ndinkangowaloweza ngati nyimbo anali pa mafuwa pathu nthawi yonseyi. Nditawafotokozera amayi, iwo anangoti, "Ndiye utsuke mapotowo, katswiri iwe."

Kukakamirana kwa aluminiyamu ndi okosijeni kumene kumateteza poto ndi komwenso kumavutitsa pomuyenga. Pa zitsulo zonse za m'nthaka ya dziko lapansi, wochuluka ndi iyeyu, pafupifupi 8 peresenti, koma sapezeka payekha. Amakumbidwa ngati mwala wotchedwa bauxite, dzina lochokera kumudzi wa Les Baux ku France. Ayironi amalekanitsidwa ndi okosijeni m'ng'anjo ya malasha, ndipo makolo athu ankatha kutero ndi makala. Kwa aluminiyamu makala amalephera. Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anamupatula koyamba mu 1825, koma kwa zaka zambiri anakhala chitsulo chodula zedi, moti mu 1884 anthu a ku America anaika kansonga ka aluminiyamu pamwamba pa Washington Monument ngati chinthu chonyaditsa. Lero timamweramo zoziziritsa kukhosi n'kutaya chitini m'ngalande.

Zinthu zinasintha mu 1886, pamene Charles Martin Hall ku America ndi Paul Héroult ku France, osadziwana, anapeza njira yofanana yogwiritsa ntchito magetsi. Onse awiri anabadwa mu 1863 n'kumwaliranso mu 1914, ndipo zaka zimenezi sindidzaziiwala chifukwa cha kudabwitsa kwake. Alumina, yemwe ndi aluminium oxide woyengedwa kuchokera ku bauxite, sasungunuka mpaka kutentha kupitirire madigiri 2,000. Hall ndi Héroult anamusungunulira mu mwala wina wosungunuka wotchedwa cryolite, kutentha kofunika n'kutsikira cha m'ma 950. Magetsi akadutsamo, aluminiyamu wamadzimadzi amakhazikika pansi, okosijeni amapita ku ma anode, zidutswa za kaboni zodutsitsa magetsi zomizidwa m'menemo, n'kumawadya, n'chifukwa chake amasinthidwa pafupipafupi. Matani pafupifupi 4 a bauxite amatulutsa matani 2 a alumina, omwe amatulutsa tani imodzi ya aluminiyamu.

Apa m'pamene ndinamvetsa nkhani ya phiri la Mulanje. Ku Geography tinaphunzira kuti pamwamba pake, cha ku Lichenya, pali bauxite, ndipo ndinkadabwa kuti tikudikira chiyani. Kukumba si kumene kuli ntchito yaikulu. Fakitale yoyenga imameza magetsi ochuluka usana ndi usiku, ndipo akazima nthawi yaitali zosungunuka zija zimauma gwaa m'miphika yake. Palinso mitsinje yochokera m'phirimo, minda ya tiyi ndi mikungudza, zomwe mgodi ungazisokoneze. Fakitale yoyenga aluminiyamu ya Mozal, yomwe inayamba ntchito mu 2000 pafupi ndi Maputo, inamangidwa potsata magetsi ndi doko, alumina wake n'kumachokera ku Australia pa sitima.

Ntchito za aluminiyamu tsopano ndimazikumbukira pozimangiriza ku makhalidwe ake. Ndi wopepuka: magalamu 2.7 pa cubic centimetre, pomwe chitsulo cha stilo chili pafupifupi 7.8. Payekha ndi wofewa, koma akasakanizidwa ndi mkuwa, magineziyamu kapena zinki amalimba mokwanira kupangira ndege. Amaphwatika mosavuta kukhala foyilo ndi zitini. Amadutsitsa kutentha msanga, nsima n'kupsa bwino, ikatayiliridwa n'kupsereranso msanga. Za mawaya ndizo zinandisokoneza poyamba, poti mkuwa umadutsitsa magetsi bwino kuposa iye. Waya wa aluminiyamu wofanana kukula amangodutsitsa pafupifupi 60 peresenti ya magetsi omwe wa mkuwa umadutsitsa. Koma pa mtunda wautali pakati pa mapolo, kulemera ndi mtengo ndizo zimalamula, choncho mawaya akuluakulu a m'mwamba amakhala a aluminiyamu, pakati pake pali stilo woti asaduke.

Aluminiyamu wakale savuta. Ntchito yomulekanitsa ndi okosijeni inachitika kale, kwatsala n'kumusungunula pa madigiri 660, ndipo zimenezi zimadya pafupifupi 5 peresenti yokha ya mphamvu zoyengera watsopano. N'chifukwa chake amisiri a m'misika yathu amatha kusungunula zidutswa za injini ndi mapoto obooka pa makala, n'kuthira m'chikombole cha mchenga kutulutsa poto watsopano. Loweruka ndikapita kwa mmisiri wina wa kumsika kwathu nditanyamula maginito, poti aluminiyamu sakokedwa ndi maginito, ndikaone momwe amasankhira zidutswa zake. Chomwe chikadandivutabe ndi ma equation a pa cathode, pomwe aluminiyamu amakhazikika, ndi pa anode. Ma elekitironi a okosijeni ndimawaiwala kuwerengetsa, ndipo mayeso ena ali Lachinayi.