Zikomo kwa amene munandithandiza kuyatsa masikirini pa Linux

Ndikuthokoza ndi mtima wonse inu nonse amene munandithandiza pa vuto limene ndinafunsa la docking station yanga (kachipangizo kolumikizira laputopu ku masikirini, kiyibodi ndi mausi), ngakhale sitidziwana n'komwe. Kiyibodi ndi mausi zinkagwira ntchito, laputopu inkachajidwa, koma masikirini awiri olumikizidwa ku docking station-yo anali bii, osaonetsa kanthu.

Mmodzi wa inu anandiuza kuti ndilembe lsusb, lamulo loonetsa zipangizo zolumikizidwa pa USB. Pomwepo tinaona kuti docking station yangayo ndi ya DisplayLink, yomwe imatumiza chithunzi ngati deta ya USB, osati kudzera mu DisplayPort Alt Mode (njira yotumizira chithunzi mwachindunji pa USB-C). Choncho pa Linux imafuna driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) yakeyake pamodzi ndi module yotchedwa evdi, yomwe ndi kachigawo koonjezera pa kernel (phata la Linux). Tinaika zonsezo, komabe kunali zii.

Inu amene munatulukira kuti Secure Boot (chitetezo chimene chimalola mapulogalamu okhala ndi siginecha yovomerezeka okha poyatsa makina) ikukana evdi chifukwa inalibe siginecha, Mulungu akudalitseni. Simunangonena kuti ndizimitse Secure Boot ayi. Munandifotokozera modekha mmene ndingalembetsere kiyi yosainira evdi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya mokutil, kenako n'kuivomereza pa sikirini ya buluu imene imabwera poyatsanso makina. Kuleza mtima kwanuko kunandikhudza kwambiri.

Pano masikirini onse akuwala, ndipo kernel ikasintha, DKMS (pulogalamu yomanganso ma module a kernel) ikumakonzanso evdi yokha. Zikomo kwambiri.