Zikomo aphunzitsi, zikomonso bambo wandevu wa pachithunzi chija

Ndalama zalowa, abale anga. Zalowa kwa tonse amene tinachotsedwa ntchito ku loji kuja: ife a kukhitchini, ochapa, alonda, mpaka mnyamata wa m'boti yemwe ankati dzina lake mulibe m'buku la antchito. Ndikulemba mutu ukuwawabe ndi tulo, ndiye mukaona ndikubwerezabwereza mundikhululukire. Mulungu ndi wamkulu. Nkhaniyi mukuidziwa, sindiyambanso za makalata amene anatipatsira pageti, za lendi, za ana kubwezedwa kusukulu. Zimenezo zikhale.

Amayi a kutchalitchi kwathu, zikomo chifukwa cha ufa uja ndi mapemphero. Aneba anga achisilamu, mwezi wonse wa Ramadhani mbale ya futali inkadutsa pampanda madzulo aliwonse, osandifunsa n'komwe ngati ndili ndi njala, Mulungu akubwezereni. Achimwene a golosale amene munkalemba ngongole yanga osakwinya nkhope, ndikubwera posachedwa, mukonzeretu kope. Alamu anga a kabaza, inu mukudziwa.

Koma aphunzitsi. Ine ndinene chiyani za aphunzitsi?

Munthu wopuma pantchito, penshoni yake yosakwanira ngakhale iye mwini, si m'bale wa aliyense mwa ife. Anangomva nkhani yathu pamaliro, mawa lake anafika panjinga atamanga jumbo yakuda pakaliyala ndi lamba wa chubu. M'jumbomo munali mapepala okhaokha, ena achikasu ndi ukalamba, ndipo lamulo la ntchito la 2000 lija, Employment Act, anali atalidula mizere ndi cholembera chofiira tsamba ndi tsamba. Anatikhazika pansi pamtengo wa mango, magalasi awo mbali imodzi yomangidwa ndi ulusi, n'kuyamba kutifunsa mmodzimmodzi: unayamba liti, unkalandira zingati, unkaweruka nthawi yanji, asanakuchotse anakuitana kuti unene mbali yako? Ine pa zaka zonse zimene ndinaima pa mbaula ya pamalo paja sindinkadziwa kuti lamulo limaika maola 48 pa sabata, kuti opitirira pamenepo ali ndi malipiro ake. Sindinkadziwa kuti mayi akabereka ali ndi masabata 8 opuma akulandira malipiro onse. Ndinabwerera kukhitchini mwana wanga wachiwiri mchombo usanapole bwino, ndikuthokoza bwana kuti sanandichotse.

Tsiku limene a ku loji anabwera ndi pepala loti tisaine kuti talandira zonse ndipo sitidzadandaulanso, envulopu ili pambali, ambiri tinali titagwira kale cholembera. Njala, abale. Aphunzitsi sanakweze mawu. Anangotsegula kope lawo la masamu, n'kuonetsa aliyense ndalama yake yeniyeni pafupi ndi ya mu envulopu ija, n'kunena kuti, "Ana anga, sainani ngati mukufuna, koma muyambe mwawerenga manambala awiriwa mokweza." Palibe anasaina. Kuyambira pamenepo paliponse pamene nkhani yathu inkapita iwo analipo, jekete lomwelija, jumbo yomweyija. Tsiku lina matayala atatheratu anayenda pansi kuchokera kwawo kutsidya la Shire, kuwoloka mlatho, kufika pa boma thukuta lili kamukamu, koma mapepala ali ouma.

Loweruka tinakawathokoza kwawo. Tinaphika mpunga ndi chambo, thobwa chidebe chodzaza, tinasonkha ya matayala atsopano ndi nsalu ya amayi akunyumba. Apa ndi pamene nkhani yasintha, ndipo n'chifukwa chake ndalemba motalika chonchi, chifukwa anandilamula kuti ndikalemba pa Facebook ndisasiye mbali imeneyi.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chithunzi chodula m'nyuzipepala, chomata pakatoni. Bambo wamkulu thupi, ndevu zoyera zodzaza nkhope. Ana anayamba kuseka kuti ndi Father Christmas. Aphunzitsi anati ameneyu ndi Juan Somavía, yemwe anali kazembe wa dziko la Chile, ndipo ngati mwabwera kudzathokoza, yambani ndi iyeyu, chifukwa wathera moyo wake pa nkhani ya anthu ngati inu ngakhale sadzakudziwani.

Ndiyesetsa kulemba monga anatifotokozera, chifukwa ndinawapempha kuti abwereze ndikulemba. Bambo ameneyu anabadwa mu 1941. Asilikali a Pinochet atalanda boma la Chile mu 1973, iye anali m'gulu la anthu amene ankalimbana kuti demokalase ibwerere, ndipo itabwerera mu 1990 dziko lake linamutuma kukhala kazembe wake ku United Nations ku New York. Pamenepa aphunzitsi anaima kaye n'kutikumbutsa kuti ifenso nthawi yomweyo tinali pa zathu, sitiraka za 1992 ku Blantyre ndi ku Limbe, riferendamu ya 1993, ndipo kuti antchito anali m'gulu la oyamba kutuluka mumsewu anthu ambiri akuopabe. Ali ku New York kuja, Somavía ndi amene anakankha ganizo loti atsogoleri a dziko lonse akumane osati pa za nkhondo kapena za malonda, koma pa za umphawi, ulova ndi kusalidwa kwa anthu. Anatsogolera komiti yokonzekera, ndipo msonkhanowo unachitika ku Copenhagen mu March 1995, atsogoleri a mayiko 117 alipo. Nthawi imeneyo mayiko ngati lathu anali akuuzidwa kuti achepetse antchito a boma, agulitse makampani, kwacha igwe, ndiye kuimirira n'kunena kuti chuma chiyesedwe ndi mmene munthu wamba akukhalira sinali nkhani yokondweretsa aliyense.

Kenako mu 1999 anakhala mkulu wa ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito lomwe likulu lake lili ku Geneva, munthu woyamba wochokera kumwera kwa dziko lapansi kukhala pampandowo, ndipo anakhalapo mpaka 2012. Mfundo imene anabwera nayo ndi ya ntchito yaulemu: kuti sikokwanira kunena kuti munthu ali pantchito, koma ntchitoyo imulipire zoti adye, ufulu wake usapondedwe, akadwala kapena akakalamba asatayidwe, ndipo akhale ndi pakamwa pokambirana ndi bwana wake. Ine nditamva zimenezi ndinangoti zii, chifukwa kukhitchini kuja mawu amene tinkauzidwa tsiku ndi tsiku anali akuti uthokoze uli pantchito, pageti pali anthu khumi akudikira malo ako.

Chaka chomwecho cha 1999 ILO inavomereza pangano nambala 182 loletsa ntchito zoipitsitsa zogwiritsa ana, ndipo Malawi inasaina chaka chomwecho. Pofika 2020 mayiko onse 187 a m'bungwelo anali atalivomereza. Aphunzitsi pamenepa maso anafiira, chifukwa anaphunzitsapo cha ku Namwera, ndipo ankaona mabenchi akutsala opanda ana nyengo ya fodya ikafika. Anadikira mpaka 2021 kuti amve kuti Nyumba ya Malamulo yathetsa utenanti m'maesiteti. Mu nthawi ya bambo yemweyu munatulukanso pangano la ogwira ntchito ya usodzi mu 2007, ndi la antchito a m'nyumba mu 2011, atsikana olera ana ndi anyamata a m'dimba amene anthu sawawerengera n'komwe kuti ndi antchito.

Aphunzitsi ndi munthu wachilungamo, anatiuza poyera kuti Somavía sindiye analemba lamulo lathu, analemba ndi Amalawi, ndipo mabungwe a antchito a kuno anakhetsera thukuta. Koma anati malamulo otere samera okha ngati bowa, pamakhala anthu amene amakhala zaka ndi zaka m'zipinda za misonkhano akukangana ndi maboma ndi eni makampani pa mawu amodzi, mpaka mawuwo alowe papepala.

Ine ndivomereza zonsezo, ndipo a Somavía, kulikonse kumene muli, mayi wina wa ku Mangochi amene sanafikeko ngakhale ku Mwanza akuti zikomo, Mulungu akupatseni ukalamba wabwino. Komatu aphunzitsi, mundilole ndikutsutseni pang'ono pagulu, popeza Loweruka simunandipatse mpata. Pepala la ku Geneva lija silikanafika kukhitchini kwanga. Likanakhala kumene lili, loyera bwino, ine nditasaina envulopu ija. Linafika chifukwa munalimanga pakaliyala. Ndipo pitani m'mawa kudoko lililonse, kaya ku Makawa kaya ku Malindi, mukaone alovi akutsika m'boti atakoka chilimira usiku wonse, opanda chovala choyandamitsa, malipiro awo akudalira mmene usipa wagwidwira ndi mmene mwini boti wadzukira. Mwera ukawatenga, mkazi amapatsidwa ya bokosi basi. Kumeneko pangano la 2007 lija palibe analimvapo, ndipo aphunzitsi ndi amodzi, njinga ndi imodzi.

Kwa amene munkatiwoloka msewu pamsika ngati tili ndi khate la ulova, ndakuonani mwayamba kuimba kuyambira Lachisanu. Foni yanga sinasinthe nambala, ndi yomwe ija munkaiona ikuitana n'kuitembenuza. Amene munkapita kukanena kwa bwana zimene takambirana pansi pa mango, sindikutchulani, ana anu ndi anzawo a ana anga. Ndingoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo likadzafika tsikulo aphunzitsi adzakulandirani, chifukwa mtima wawo si wanga.

Amayi akunyumba kwa aphunzitsi, zikomo potibwereka amuna anu, zikomo chifukwa cha tiyi amene munkatipatsa ngakhale shuga atatha. Nsalu munalandira, koma matayala aja akuti abweza kusitolo kuti ndalamayo tigawane. Chonde alankhuleni inuyo, ife atikanira. Akakanabe, alamu anga a kabaza abwera usiku kudzawaika okha panjingapo.

Aphunzitsi, Ambuye akusungireni maso amenewo ndi miyendo imeneyo. Ana anga abwerera kusukulu Lolemba, fizi yonse yalipiridwa, ndipo wamkulu uja akuti akufuna mudzamuonetse mmene munawerengera ndalama zija.

Ambiri mwandilembera kuti nanunso muli ndi nkhani kuntchito kwanu. Sindine loya, abale. Aphunzitsi akuti musunge kapepala kalikonse ka malipiro, kalata iliyonse, ngakhale uthenga wa pa WhatsApp, musasaine chimene simunawerenge, ndipo mukayambire ku ofesi ya zantchito pa boma. Amene mukufuna kuonana nawo mundiuze kuyambira Lachitatu. Lero ndi mawa ndikugona, foni ndazimitsa.